Pamzere wa Chipikisheni: Ulendo wa ku Manchester

Msuweni wanga amagwira ntchito ya unamwino ku Manchester. Uthenga utafika kumudzi kuti wachira mwana wamwamuna, banja linakhala pansi n'kugwirizana kuti azakhali apite akamusamalire m'chikuta. Azakhaliwo anali asanakwerepo ndege chibadwire, ndipo Chingerezi chawo n'cha moni basi. Popeza ine ndinali ndi ntchito ku Britain nyengo yomweyo, udindo wowaperekeza unagwera ine.

Kwawo ku Ntcheu kulongedza kunatha tsiku lonse. M'sutukesi yaikulu munalowa ufa woyera, mpunga wa kilombero, usipa wouma womanga bwino m'majumbo, mfutso wa nkhwani ndi zitenje zoberekera mwana. Chinatsala panja ndi botolo la chiponde chimene anasinja okha mumtondo, cha mtedza wa m'munda mwawo. Anauza mpongozi wawo kuti katundu wa m'ndege amamuponyaponya, botolo lisweka, mafuta athimbiritsa zitenje. Analikulunga m'kansalu n'kuliika m'chikwama cha m'manja, pamodzi ndi Baibulo ndi mankhwala awo a BP. Za botololi ine ndinazidziwa tili kale kunja kwa dziko.

Tinanyamuka m'bandakucha pa msewu wa M1, nkhungu ili tolo m'mapiri, amayi akutula kale madengu a kachewere ndi kabichi m'mbali mwa msewu. Pa bwalo la ndege la kwathu zinthu zinayenda msanga. Mayi wa chitetezo anawalonjera azakhali, nati, "Mayi, dutsani apa, musaope," iwo n'kudutsa akumwetulira. Ndege ikuthamanga kuti inyamuke anandigwira mkono zolimba, osausiya mpaka tinabowola mitambo. Mantha atatha anayamba kusuzumira pawindo, n'kumafunsa ngati madzi amene amaoneka pansiwo anali nyanja yathu. Inali yomweyo.

Kuchokera kwathu palibe ndege yolunjika ku Ulaya, umayenera kukasinthira kwina. Ife tinakasinthira mumzinda wina waukulu kum'mawa kwa Africa, ndipo tinafikako kutada. Sitinatuluke panja pa nyumba ya bwalolo, komabe anatiimika pamzere kuti tisechedwenso, chifukwa mayiko ambiri sadalira chipikisheni cha dziko lina ngati palibe mgwirizano.

Mzerewo unali wautali, wokhotakhota pakati pa zingwe. Ana ankalira, anthu akulu akuwodzera chiimirire. Kutsogolo mnyamata wina wa yunifomu ankakuwa mawu omweomwewo m'Chingerezi, osayang'ana munthu kumaso: nsapato, malamba, laputopu, zamadzimadzi. Ndinawauza azakhali kuti avule nsapato. Anandiyang'ana modabwa, koma anavula, n'kuima pa matailosi ozizira. Analowa m'makina aja oti munthu amaima atakweza manja, ndipo makinawo anaonetsa malo awiri: kumutu, pamene panali duku, ndi m'chiuno, pamene amamanga ndalama pa mfundo ya chitenje. Mtsikana wa chitetezo anawapapasa m'chiuno, kenaka, osanena kanthu, anatambasula dzanja n'kuwamasula duku. Imvi zawo zinaonekera pagulu, amuna ali pomwepo. Ine ndakula ndikuwaona azakhali tsiku ndi tsiku, koma mutu wawo wosavala duku ndinauona koyamba usiku umenewo.

Chikwama chawo chinali chitapatutsidwa kale. Bambo wovala magolovesi anatulutsa kansalu kaja, nakamasula, natsegula botolo, nalinunkhiza. Ndinayesa kulongosola kuti ndi mtedza wosinja, chakudya cha mayi wa m'chikuta. Iye analoza chikwangwani cha mamililita 100. Pa lamulo limeneli chilichonse chimene chingapakidwe kapena kuthiridwa chimawerengedwa ngati madzi, ndipo chiponde chili m'gulu lomwelo. Botolo linagwera m'bini, pamwamba pa mabotolo a madzi akumwa ndi mafuta odzola a anthu ena.

"Mwanawe, talakwa chiyani?" anandifunsa azakhali, manja akunjenjemera pomanga duku.

Yankho ndinalibe. Maso anga anali pa bini lija. Zinthu zimene analanda pozikayikira kuti zingaphulike anaziunjika malo amodzi, pakati pa chinamtindi cha anthu, ndipo palibe amene anaziyeza kapena kulemba dzina la mwini wake. Zinaonekeratu kuti ngakhale amene amalandawo sankakhulupirira kuti muli bomba. Kumbali kwathu kunali kampata kena kopanda mzere, ka anthu a matikiti okwera mtengo. Nawonso ankasechedwa, koma modekha, akuwamwetulira, ndipo amatha msanga.

Pa chipata chodikirira ndege tinapeza mipando pafupi ndi bambo wina wa imvi, wovala jekete lotchena, amene anali kumbuyo kwathu pamzere paja. Atatimva tikulankhula anatembenuka, nati, "Pepani mayi, ndaona zimene zachitika." Anali wa ku Kasungu, wapolisi wopuma pantchito, ndipo amapita kukaona mwana wake ku Leeds. Chipepeso chake chinali chochokera mumtima, koma atamva ine ndikung'ung'udza kuti zonsezi n'zongovutitsa anthu, anakana.

"Achimwene, lamulo lililonse pamenepaja lili ndi maliro ake, kapena maliro amene anatsala pang'ono kuchitika."

Mbiri ankaidziwa. Nsapato timavula chifukwa cha Richard Reid, amene pa 22 Disembala 2001 anayesa kuyatsa bomba la m'nsapato m'ndege yochoka ku Paris kupita ku Miami. Za mamililita 100 zinabwera mu 2006, apolisi a ku Britain atagwira gulu limene limakonza zophulitsa ndege zowoloka nyanja ya Atlantic ndi mankhwala obisa m'mabotolo a zakumwa. Makina okwezetsa manja aja anafala pambuyo pa tsiku la Khirisimasi la 2009, pamene mnyamata wa ku Nigeria, Umar Farouk Abdulmutallab, anabisa zophulika m'kabudula wam'kati pa ndege yochoka ku Amsterdam kupita ku Detroit. Ndipo pamwamba pa zonsezi pali 11 Seputembala 2001, tsiku limene anthu 19 analanda ndege zinayi ku America n'kupha anthu pafupifupi 3,000.

Ndinamufunsa kuti pa nkhani zimenezi, ndi iti imene analetsa ndi makina a pa bwalo. Reid anadutsa chipikisheni. Anamugwira ndi ogwira ntchito m'ndege ndi okwera anzake ataona akulimbana ndi machesi. A 2006 aja sanafike n'komwe pa bwalo, apolisi ndi akazitape anali atawalondalonda kwa nthawi yaitali. Abdulmutallab anadutsa ku Lagos, nadutsanso ku Amsterdam, pomwe bambo ake omubereka anali atapita kale ku ofesi ya kazembe wa America ku Abuja kukachenjeza kuti mwana wawo walowerera. Chenjezolo silinagwiritsidwe ntchito mokwanira, bombalo linangoyaka osaphulika, ndipo okwera ndi amene anamukhalira. Lamulo lililonse limabwera m'mbuyo mwa chiwembu chimene chadutsa kale. Ndinamukumbutsanso za 2015, pamene ofufuza a boma la America anadzibisa ngati apaulendo atanyamula zida ndi mabomba onamizira, pofuna kuyesa bungwe lawo la chitetezo cha pa mabwalo la TSA. Pa maulendo 70 anadutsa osagwidwa ka 67.

Bamboyo sanatekeseke. Anati munthu amene anaganiza zokwera ndege ndi mfuti, n'kusintha maganizo atakumbukira makina aja, palibe buku limene amalembedwamo. Apa ananena zoona, ndipo mbiri ili kumbali yake. Pakati pa 1968 ndi 1972 ndege za ku America zoposa 130 zinalandidwa m'malere, zambiri n'kuzikhotetsera ku Cuba, nthawi imene munthu amatha kukwera ndege wosasechedwa. Atayamba kusecha wokwera aliyense ndi chikwama chake mu Januwale 1973, mchitidwewu unatsika kwambiri. Ine sindikufuna kukwera ndege imene aliyense walowa ndi chimene wafuna. Kusecha mfuti, mipeni ikuluikulu ndi mabomba n'kofunika, ndipo makina oona m'kati mwa chikwama amagwira ntchito imeneyi. Chimene ndimakana n'kuganiza kuti chilichonse chimene chawonjezeredwa pamwamba pake chimateteza moyo chifukwa choti chikutivutitsa. Katswiri wa za chitetezo Bruce Schneier wakhala akunena kwa zaka zambiri kuti zina mwa izi ndi sewero lokhazika anthu mtima pansi, ndi kuti zimene zinasinthadi zinthu chichitikire za 2001 ndi ziwiri: chitseko cholimba cha chipinda cha oyendetsa ndege, ndi okwera amene tsopano amadziwa kuti ayenera kulimbana ndi wolanda ndege. Boma la America lenilenilo linasiya kuvulitsa anthu nsapato mu Julayi 2025.

Za chitsekozo bamboyo anavomera msanga, chifukwa ankakumbukira ngozi ya 23 Novembala 1996. Anthu atatu analowa m'chipinda cha oyendetsa ndege ya Ethiopian Airlines imene inanyamuka ku Addis Ababa, n'kulamula kuti ipite ku Australia. Zida zawo zinali nkhwangwa ndi chozimitsira moto zimene anazipeza m'ndege momwemo, ndipo chimene ankati ndi bomba linali botolo la mowa. Mafuta atatha ndegeyo inagwera m'nyanja pafupi ndi zilumba za Comoros, ndipo anthu 125 mwa 175 anamwalira. Palibe makina a pa bwalo amene akanaletsa zimenezo.

Kenaka anafika pa mfundo imene inandikoka mtima poyamba. Anati vuto la pamzere paja n'lakuti asiya kugwiritsa ntchito diso. Wapolisi wodziwa ntchito sataya nthawi ndi gogo wa Baibulo m'chikwama. Amayang'ana achinyamata, amayang'ana kumene munthu wachokera, amayang'ana amene akutuluka thukuta. Akanatero, azakhali akanadutsa ndi duku lawo ndi chiponde chawo.

Ndinalingalira kwa kanthawi, n'kuona kuti njira imeneyi ikanamasula azakhali n'kumanga ine, pamodzi ndi mwana wake wa ku Leeds uja. Zinachitikapo kale. Pambuyo pa nkhani ya Abdulmutallab, mu Januwale 2010, America inalamula kuti anthu a mayiko 14, kuphatikizapo Nigeria, azisechedwa mwapadera. Mtundu wonse wa anthu, aphunzitsi, anamwino ndi ana asukulu, unasenza mlandu wa mnyamata mmodzi, mpaka lamulolo linachotsedwa patapita miyezi itatu. Pomwe Richard Reid anabadwira ku London ndipo anali ndi pasipoti ya Britain. Za thukutazo anaziyesanso. TSA inalemba anthu oti aziyang'ana nkhope ndi kayendedwe ka apaulendo, ndipo mu 2013 bungwe la boma lolondoloza ndalama la GAO linapeza kuti patapita madola pafupifupi 900 miliyoni, panalibe umboni wokwanira woti njirayi imagwira zigawenga. Ndani satuluka thukuta pa bwalo la ndege? Amene amanjenjemera kwambiri pamzere ndi woyenda koyamba, wosamva chilankhulo, woopa kuti visa yake aikana. Ndiye kuti diso lija limagwera anthu ngati azakhali omwewo.

Palinso nkhani ya pa 17 Epulo 1986 ku Heathrow. Mayi wina woyembekezera wa ku Ireland amakwera ndege ya El Al kupita ku Tel Aviv, akuganiza kuti akukakwatiwa. Bwenzi lake, Nezar Hindawi, anali atabisa bomba pansi pa chikwama chimene anamupatsa, iye osadziwa kanthu. Alonda a kampaniyo analipeza atasecha chikwamacho ndi manja, ndipo Hindawi anagamulidwa zaka 45. Munthu wosaoneka woopsa ndi amene wachiwembu amafuna kumusenzetsa katundu. Ife a ku Malawi nkhaniyi iyenera kutikhudza, chifukwa palibe amene amakwera ndege kwathu wopanda kaphukusi ka mnansi, kokapatsa mwana wa uje ku Britain, kamene sanakatsegule n'komwe. Choncho gogo nayenso ayenera kusechedwa. Chilungamo chimene ndikuchiona ine n'chakuti lamulo likhale limodzi kwa onse, ndipo ngati pakufunika kupatula ena kuti asechedwe mozama, asankhe ndi makina mwamaere, osati khungu, pasipoti kapena mtengo wa tikiti.

Nthawi yonseyi azakhali anali chete, akusisita chikuto cha Baibulo. Kenaka analankhula, osakweza mawu.

"Bambo, ine kusechedwa sindikukana. Ngakhale pa rodibuloko amatitsitsa m'basi n'kutsegula matumba athu. Koma munthu amayamba wapereka moni. Mwana uja akanati, amayi, tiyeni kuseri, ndikanamasula ndekha."

Wapolisi uja anaweramitsa mutu. Anati pa ntchito yawo ankaphunzitsidwa zomwezo, kuti mayi amasechedwa ndi mayi mnzake, pamalo obisika, atauzidwa chifukwa chake. Pa mfundo iyi sitinatsutsane. Kulankhula ndi munthu usanamugwire sikuchepetsa chitetezo ngakhale pang'ono, ndipo sikufuna bajeti. Sindikuiwala kuti mtsikana uja anali ataimirira usiku wonse, akuona nkhope mazanamazana, mwina pa malipiro ochepa, bwana akumuwerengera mphindi. Mlandu waukulu uli kwa amene amakonza ntchitoyo mwanjira yoti ulemu usapeze malo.

Atatiitana kukwera, mpando wanga unali wa pawindo. Pansi, m'kuwala kwa magetsi achikasu, ndinaona anthu a majekete onyezimira akukweza masutukesi, ena akulowetsa zakudya, galimoto ya mafuta ili pansi pa phiko. Khomo la kuseri limeneli ndi limene limandidetsa nkhawa kuposa mzere wathu uja. Pa 2 Febuluwale 2016 bomba la m'laputopu linabowola ndege ya Daallo Airlines itangonyamuka ku Mogadishu, ndipo makamera anaonetsa kuti wophulitsayo anapatsidwa laputopuyo ndi anthu ogwira ntchito pa bwalo pomwepo. Mwamwayi ndegeyo inatera, wakufa anali iye yekha. Chitseko cholimba chija nachonso chili ndi mbali yake yowawa. Pa 29 Novembala 2013 ndege ya LAM yochoka ku Maputo kupita ku Luanda inagwa ku Namibia n'kupha anthu onse 33, ndipo ofufuza anapeza kuti woyendetsa wamkulu anadzitsekera m'kati mnzake atatuluka, n'kuitsitsa dala. Ku Brussels, pa 22 Malichi 2016, zigawenga sizinavutike n'kudutsa makina. Zinaphulitsa mabomba m'holo imene anthu amaima ndi katundu wawo asanasechedwe. Ndalama ndi maso zikathera pa mabotolo a apaulendo, malo ngati amenewa amatsala ndi ochepa owayang'anira: kufufuza mbiri ya ogwira ntchito, kuwalipira mokwanira kuti asagulidwe, kusamala thanzi la maganizo la oyendetsa ndege, ndi kumvera chenjezo likabwera.

Azakhali anagona tisanadye n'komwe. Ine tulo sitinabwere. Pa kanema wa kumbuyo kwa mpando kandege kakang'ono kankakwawa pamwamba pa chipululu cha Sahara, kenaka nyanja ya Mediterranean. Kunja kutayamba kuyera tinali pamwamba pa minda yobiriwira yodulidwa ndi mipanda ya miyala, ndipo tinatera ku Manchester kukuwaza mvula yamawawa, mphepo yake yolowa m'mafupa. Sutukesi inatuluka yathunthu. Wapolisi uja anatitsanzika pa khomo, nagwira dzanja la azakhali ndi manja awiri, nathamangira sitima ya ku Leeds.

Kunyumba azakhali analandira mdzukulu wawo ndi nthungululu zimene zinadzidzimutsa anansi. Madzulo, nsima ya ufa wa ku Ntcheu ili patebulo, msuweni anamva nkhani ya duku ndipo nkhope yake inagwa, koma sanadabwe. Anati iye akaluka tsitsi lalitali amadziwiratu kuti pa bwalo lililonse dzanja la munthu lilowa m'mutu mwake. Si iye yekha. Ku America amayi akuda anadandaula za zimenezi mpaka mu 2015 TSA inalonjeza kuphunzitsanso antchito ake, ndipo zinadziwika kuti makina aja amalira kawirikawiri akakumana ndi tsitsi loluka, mawigi ndi nsalu za kumutu. Makinawo alibe mtima wosankha, koma zotsatira zake zimagwera anthu omweomwewo ulendo uliwonse, ndipo amene anawagula akudziwa.

Za mamililita 100 nazonso zikugwedezeka. Makina atsopano, ofanana ndi ounikira odwala kuchipatala, amatha kuona chimene chili m'botolo. Bwalo la London City linachotsa lamuloli mu Epulo 2023, boma la Britain n'kulibwezeretsa mu Juni 2024. Makinawa ndi odula, choncho mabwalo a mayiko olemera ndi amene ayambe kupumula, ife a kuno tidzakhala tikutayabe mabotolo kwa zaka zingapo. Ndipo pamene malamulo akusiyana bwalo ndi bwalo, wovutika ndi woyenda koyamba, amene chinthu chomwecho chadutsa bwino kwawo n'kukamulanda pakati pa njira.

Kwa akuluakulu oyang'anira mabwalo athu pempho langa n'laling'ono. Ikani zikwangwani za m'Chichewa, Chitumbuka ndi Chiyao pamalo operekera masutukesi, katundu asanapite, zouza anthu zimene akakumane nazo kutsogolo. Ndipo inu amene mukuitanitsa mayi kapena agogo kuti adzaone mdzukulu, khalani nawo pansi pa foni asananyamuke. Chiponde, uchi, tsabola wa m'botolo ndi mafuta odzola zilowe m'sutukesi yaikulu. Ndalama achotse pa mfundo ya chitenje. Kaphukusi ka mnansi akatsegule aone okha. Auzeninso kuti ku Britain ndi ku America munthu ali ndi ufulu wopempha kuti amusechere m'chipinda chapadera, ndipo kwina kulikonse kupempha sikulakwa. Alembereni mawu amenewo pa kapepala m'Chingerezi, akaike m'kati mwa pasipoti.